Kodi mlandu wa malo umawola?

Kwathu ku Thyolo amati mlandu suwola. Ukalowerera m'munda wa mnzako ndi mizere iwiri, iye n'kukhala chete mpaka kutsikira kulichete, adzukulu ake adzaidzutsa nkhaniyo pabwalo la anyakwawa, ndipo palibe amene adzawafunse kuti anali kuti zaka zonsezi. Ku Zomba, m'kalasi ya zamalamulo ku Chancellor College, anatiphunzitsa zosiyana. Mwini malo amene ali ndi mapepala akalekerera munthu wina kukhala pamalopo poyera, mwamtendere, popanda chilolezo chake, kwa zaka 12 zosadukiza, khoti silimumveranso akabwera kudzadandaula. Mlanduwo wawola. Ziphunzitso ziwirizi ndinazilandira kwa anthu amene ndimawalemekeza: china kwa amayi anga, amene anathyola tiyi mpaka msana unapindika, china kwa aphunzitsi amene anandipatsa ntchito yomwe ndikudyera lero. Ndikufuna kudziwa kuti pamaso pa Mulungu cholondola n'chiti, ndiponso kuti loya wopemphera aziyenda nazo bwanji ziwirizi.

Funsoli limandisautsa kwambiri ndikakhala pa maphunziro owonjezera amene ife maloya timangowatchula kuti CPD. Chibwerere lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018, loya salandira laisensi ya chaka chotsatira asanaonetse kuti wapitiriza kuphunzira. Bungwe la Malawi Law Society limatiitana, timakhala tsiku lonse kumvetsera anzathu kapena oweruza akutambasula malamulo atsopano, kenako n'kutilembera mapointi. Alipo anzanga amene amadandaula za ndalama ndi nthawi. Ine ndili kumbali ya lamuloli ndi mtima wonse, makamaka pa nkhani za malo. Munthu amene anamaliza sukulu cha m'ma 2005 anatuluka ndi Land Act ya 1965 ndi Registered Land Act ya 1967 m'mutu mwake. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza mulu wa malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo Land Act yatsopano ndi Customary Land Act, imene inayamba kugwira ntchito mu 2018. Mu 2022 anawakonzanso, n'kumanga kwambiri pa za anthu amene si nzika za dziko lino. Loya amene sanatsegule buku chichokere ku Zomba akhoza kulembera munthu mapepala ogulira malo amene lamulo silikulolanso kuti agulitsidwe mwanjira imeneyo, n'kumulipiritsa pamwamba pake. Kwa ine limenelo ndi tchimo, chifukwa munthu akalowa muofesi ya loya amakhala watula nkhawa zake zonse, ndipo alibe njira yodziwira kuti amene wamukhulupirirayo anasiya kale kuwerenga.

Komabe maphunziro athuwa amayankha funso limodzi lokha: lamulo likuti chiyani lero. Sitifunsana kawirikawiri kuti n'chifukwa chiyani lamulo la malo m'dziko muno silikhazikika, likungosinthasintha zaka zoposa 100. Yankho lake munthu amaliona ndi maso akachoka ku Limbe kudutsa pa Bvumbwe ndi Thunga kulowera kuboma la Thyolo. Mbali ino tiyi wosadzidwa mofanana wofika m'chiuno, madamu, ndi nkhalango za bulugamu zodikira kukhala nkhuni za kufakitale. Mukangodutsa malire, nyumba zathithikana, chimanga chakwera mpaka pamsonga pa phiri, ndipo banja lonse likudalira kachigamba ka munda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lathuli.

Malire amenewo anayamba ndi mapepala otchedwa Certificates of Claim, amene Harry Johnston anayamba kupereka mu 1892. Azungu amene anafika kale, monga Eugene Sharrer, anabwera ndi zikalata zonena kuti anagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mafumuwo sankadziwa kulemba, ankangoika kamtanda pamene awalozera. Johnston anavomereza zambiri mwa zikalatazo, n'kuwonjezamo mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Malo a Sharrer anadzakhala a British Central Africa Company, yomwe inagwira gawo lalikulu la Thyolo. Mu 1903, pa mlandu wa pakati pa Supervisor of Native Affairs ndi kampani ya Blantyre and East Africa, woweruza Nunan anateteza anthu amene anapezeka kale pamalo kuti asamalipitsidwe lendi, ndipo anakayikira poyera ngati mfumu inali ndi mphamvu yogulitsa nthaka ya anthu ake. Woweruza wachitsamunda yemwe anaona kuti muzu wa mapepalawo unali ndi vuto. Mapepalawo anakhalabe amphamvu.

Makolo a amayi anga sanali m'gulu la otetezedwalo. Anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Mwini esiteti anawalola kumanga ndi kulima, iwo n'kumalipira ndi thukuta: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga mwa kufuna kwa amene anagwira buku la matikiti. Imeneyo ndiyo thangata. Ndiyo inali m'gulu la zimene zinadzutsa John Chilembwe pa 23 January 1915, pamene anthu ake anakantha esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'malo a azungu linalola mwini esiteti kukana kuti mwamuna amene wakwatira mwana wamkazi wa pamudzipo amange pamenepo. Amene amadziwa chikamwini akumvetsa kuti lamulo lotere linkadula mudzi pakhosi, popeza kwathu mudzi umakula ndi ana aakazi. Mu 1946 Sidney Abrahams analangiza boma kuti ligule malo amene makampani sankawagwiritsa ntchito. Mu August 1953, chaka cha chitaganya, nkhani ya malalanje pa esiteti ya Mangunda inayatsa moto umene unafalikira m'Thyolo ndi maboma oyandikana, anthu 11 n'kufa. Thangata inathetsedwa mu 1962.

Tsopano tibwerere ku zaka 12 zija. Lamulo limawerengera zaka za munthu amene wakhala pamalo popanda chilolezo cha mwini wake. Amene anakhala ndi chilolezo, ngakhale zaka 60, ngakhale ataika ana ake ndi makolo ake m'nthaka imeneyo, zaka zake siziwerengedwa. Ndiye kuti banja limene linamvera, n'kumapita ku thangata mmamawa chiperoni chikuwaza, silinapeze ngakhale ndime imodzi m'maso mwa lamulo, chifukwa kumvera kwawoko ndiko umboni woti ankadziwa kuti malowo si awo. Nthawi inagwirira ntchito pepala, koma sinagwirire ntchito khasu. Mfundo imeneyi ndinailemba bwinobwino pa mayeso n'kukhoza, ndipo mpaka lero ikandifikira m'maganizo ndimaona amayi anga atabereka dengu kumsana, manja onse awiri akutsina masamba awiri ndi kansonga, kenako ali pamzere wa sikelo kudikira kuti kalaliki atchule makilogalamu.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti lamulo la zaka 12 n'lopanda nzeru. Mboni zimafa, zizindikiro za malire zimazulidwa, ndipo dziko limene mlandu uliwonse ungadzuke nthawi iliyonse palibe amene angadzalemo mtengo kapena kumanga nyumba ya njerwa. Tikati tibweze zonse kwa eni ake oyamba, tiima pati? Alomwe pobwera anapeza Amang'anja ali kale pano, ndipo ine ndemwe, mdzukulu wa obwera, ndikhoza kufunsidwa kuti kwanu n'kuti. Dziko la South Africa, pokonza lamulo lobwezera malo mu 1994, linaika malire pa 19 June 1913, kuti zimene zinalandidwa tsikulo lisanafike sizilowa m'ndondomekoyo. Ngakhale ofuna chilungamo amafika pena n'kulemba mzere. Komanso maesiteti a lero si a Sharrer. Ena anagulidwa ndi kugulitsidwa kangapo, ena monga Satemwa, imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, akhala m'manja mwa banja limodzi mibadwo ingapo. Anthu zikwizikwi amadya chifukwa cha tiyi, ine ndinaphunzira ndi ndalama ya tiyi, ndipo timadziwa tonse kuti nkhalango ya m'phiri la Thyolo inatha ndi nkhwangwa zathu, pamene tizigawo tina tinapulumukira m'kati mwa maesiteti. Pamene Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation analengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha, otsatira ake n'kulowa m'malo a esiteti ya Conforzi mu 2016 kukagawana, sindinagwirizane ndi njirayo, ndipo sindikugwirizana nayo lero. Zimene zinachitika ku Zimbabwe kuyambira mu 2000 tinaziona. Koma ndinakana kuseka nawo amene ankaseka anthuwo. Njala ya malo imene inawatulutsa m'nyumba ndi makasu ndi yomweyo imene inachititsa kuti pulojekiti ya Kudzigulira Malo, kuyambira mu 2004, isamutse mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo a ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena, kusiya manda a makolo awo kumbuyo.

Ndikasowa poima ndimatsegula Levitiko 25, ndipo chimene ndimapezamo chimandidabwitsa nthawi zonse, chifukwa mutu umodzi womwewo uli ndi ziphunzitso zanga zonse ziwiri. Nyumba ya mumzinda wa malinga ikagulitsidwa, wogulitsa anali ndi chaka chimodzi chokha choti aiwombole. Chikatha, nyumbayo yapita mpaka kalekale. Pamenepo mlandu umawola, ndipo umawola msanga kuposa wathu wa zaka 12. Koma munda ayi. Munda unkabwerera ku banja lake m'chaka cha 50, ndipo mtengo wake unkawerengedwa potengera zokolola zimene zatsala chaka chimenecho chisanafike. Wogula ankagula zokolola, nthaka yokhayo inkakhalabe ya Mulungu, anthu onse n'kukhala alendo pamenepo. Choncho Malemba sakana kuti milandu ina iyenera kutha. Amasiyanitsa katundu amene munthu angakhale moyo popanda iye ndi nthaka imene imadyetsa mbumba. Malamulo athu oyendetsera dziko a 1994 amayandikirako pang'ono pamene amaika nthaka yonse m'manja mwa dziko la Malawi, koma alibe chaka chobwezera.

Nkhani ya Naboti mu 1 Mafumu 21 ndiyo imandiopsa ine monga loya. Ahabu sanatumize asilikali kukalanda munda wamphesa. Yezebeli analemba makalata, anadinda chidindo cha mfumu, akuluakulu a mzinda anasonkhana, mboni ziwiri zinaima monga lamulo linkafunira, chigamulo chinaperekedwa. Ndondomeko yonse inatsatidwa. Panali anthu odziwa malamulo amene anaonetsetsa kuti pasasowe kanthu, ndipo Eliya atafika sanafunse ngati mapepala anali m'malo mwake. Apa ndiye pamene ndaima ine: khoti lili ndi ufulu wotseka fayilo, ndipo nthawi zambiri liyenera kutero kuti anthu akhale mwamtendere, koma kutseka fayilo sikufafaniza ngongole. Zaka 12 zimamanga manja a woweruza. Sizimanga chikumbumtima cha amene wapindula, kapena cha loya amene akumulangiza.

Tsono kuphunzira kosalekeza kukulowa pati? Mu Deuteronomo 17 mfumu inalamulidwa kudzilembera yokha buku la chilamulo ndi kumaliwerenga moyo wake wonse, ndipo chifukwa chimene chaperekedwa pamenepo n'chokhudza mtima: kuti isadzione yoposa abale ake. Munthu wogwira lamulo akasiya kuwerenga amayamba kuyesa kuti zimene akudziwazo ndiwo mapeto a chilungamo. Mu Numeri 27 ana aakazi asanu a Zelofehadi anaima pamaso pa Mose kunena kuti lamulo la cholowa lawasiya kunja popeza bambo wawo analibe mwana wamwamuna. Mose sanawabweze ndi yankho lakale. Anapita kukafunsa, lamulo linasintha, ndipo mu Numeri 36 linakonzedwanso pamene vuto lina linaoneka. Ngati Mose anabwerera kukaphunzira chifukwa cha madandaulo a atsikana, ine ndine yani kuti ndizitenga Land Act ngati yotsika kumwamba? Ku Australia maloya anaphunzitsidwa mibadwomibadwo kuti dzikolo linalibe eni ake pamene Angerezi ankafika, mpaka mu 1992 khoti lalikulu linagamula mlandu wa Eddie Mabo n'kutaya chiphunzitsocho. Kusintha kulikonse kwa lamulo la malo kuno kwathu, 1928, 1962, 1965, 2016, 2022, ndi kuvomereza kwa dziko kuti lakale lija silinafikepo. Loya amene amapita ku CPD kukangotenga ndime zatsopano, osamva kuvomereza kumeneku, wabwerako ndi theka la phunziro.

Theka linalo limasintha uphungu umene timapereka. Kampani ya esiteti ikandifunsa ngati ingatseke njira imene anthu a m'mudzi amadzera popita kumanda amene anatsalira pakati pa tiyi, ndili ndi udindo wouza kasitomala wanga zoona za mapepala ake, ngakhale zoonazo zikhale zoti akhoza kupambana. Ndilinso ndi udindo womuuza kuti mandawo anafika bwanji pamenepo, ndi kumuonetsa kuti lamulo lomwelo lili ndi njira yolembetsera ufulu wodutsa kuti ukhale wokhazikika, osadalira mtima wa manijala amene alipo chaka chino kapena mlonda amene ali pageti tsiku la maliro. Ena amamva, ena samva. Koma sanganene kuti sanauzidwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa maesiteti ndi cholembera chimene chili m'manja mwathu lero. Customary Land Act ikulola kuti malo a makolo alembetsedwe, munthu n'kukhala ndi satifiketi. Pa gulupu aliyense payenera kukhala komiti ya malo, gulupuyo n'kukhala wapampando, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Cholinga n'chabwino: mayi wamasiye asalandidwe munda, mlimi akhale ndi pogwira. Koma kuno kumene nthaka imayenda ndi mbumba, funso loti pasatifiketi palembedwe dzina la ndani ndi lomwe lija Nunan anakumana nalo mu 1903.

Anabwera kuofesi kwanga bambo wina wachikulire wa kudera la Thekerani, jekete lake lotsukidwa bwino, atanyamula envulopu ya khaki. M'katimo munali kalata ya agulupu ndi pepala la m'kope la sukulu pamene anajambulapo munda, ndi mitengo ya mango iwiri ndi mzere wa nkhadze monga malire. Ankafuna kuti ndiwathandize kulembetsa mundawo m'dzina lawo, popeza panali munthu wa ku Blantyre wofuna kubzalapo makadamiya.

"Bambo, mundawu anausiya ndani?"

"Amayi athu, a loya."

"Alongo anu alipo?"

"Alipo atatu, onse ali pamudzi pomwepo. Koma mwini mbumba ndine. Chilichonse chimadzera kwa ine."

Sankanama, ndipo sanali wakuba. Pamaliro, paukwati, pamlandu, amene amaima kutsogolo ndi iwowo. Koma kuimira mbumba ndi kwina, kukhala mwini nthaka ndi kwina, ndipo pepala silidziwa kusiyanitsa ziwirizi pokhapokha wolembayo atalisiyanitsira. Ndinawafotokozera kuti dzina lawo likakhala lokha pasatifiketi, tsiku limene adzamwalire lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidzayang'ana kwa akazi awo ndi ana awo, amene kwawo ndi kumudzi kwina, ndipo ana a alongo awo, amene abadwira ndi kukulira pamundapo, akhoza kudzakhala opempha. Ndinawauza kuti lamulo likulola kulembetsa anthu angapo pamodzi, ndipo ndinawapempha kuti abwere ndi alongo awo atatuwo, kapena ine ndipite kumudziko tikakhale pansi tonse pamaso pa komiti. Anakhala chete nthawi yaitali akupinda ndi kufunyulula kapepala kaja. Kenako anati, "Ndamva, a loya. Ndikaganize." Anabweza mapepala mu envulopu, natsanzika mwaulemu.

Mfumu ija imene inaika kamtanda mwina nayonso sinali yakuba. Inkayesa kuti ikulola mlendo kulima, monga mafumu ankachitira ndi alendo onse, ndipo amene anadziwa tanthauzo la pepalalo ndi amene analilemba. Lero wolemba ndine, mwana wa wothyola tiyi, ndi anzanga amene timakhala nawo m'maphunziro aja. Mapepala amene tikulemba m'zaka zino adzawerengedwa ndi adzukulu a anthu amene sanaitanidwe pamene ankasainidwa, ndipo khoti lidzawauza kuti nthawi inatha.

Bambo aja sanabwerenso. Maloya ku Limbe ndi ku Blantyre ndi ambiri, ndipo n'kutheka kuti envulopu ija inafika patebulo lina. N'chifukwa chake ndikupempha amene amakonza maphunziro athu a za malo kuti, pambali pa ndime zosinthidwa ndi mafomu atsopano, apatule nthawi yoti tiwerenge limodzi chigamulo cha Nunan ndi Certificate of Claim imodzi yeniyeni, mawu ndi mawu. Ndikupemphanso kuti ulendo wina maphunzirowo adzachitikire ku Thyolo konkuno, ndipo kutsogolo kudzakhale amayi a m'makomiti a malo, agulupu, ndi mamanijala a maesiteti, atiuze momwe malire amadziwikira kumene kulibe bikoni, amene amafunsidwa munda usanaperekedwe kwa mlendo, ndi amene amaiwalika munthu mmodzi akapita yekha kutauni ndi kalata.